Nyimbo ya Mimba ya Abwana

Mpaka lero ndikamva sipika ikulira pamsika, ndimayamba ndagwira pakamwa kuona ngati pali potseka. Lekani ndikuuzeni mmene pakamwa panga panatsala pang'ono kutigonetsa panja.

Zaka zimenezo, za makuponi a feteleza, ine ndi amuna anga tinali matenanti pa esiteti ina cha ku Simlemba. Kwathu ndi ku Phalombe. Azimayife tikamasoka fodya m'chigafa tinkaimba, ndipo wopeka nyimbo ndinali ine (Mulungu anandipatsa mawu, nzeru anasungira ena). Chaka chimenecho makuponi athu anathera m'manja mwa abwana, eni esiteti, ndiye ndinapeka yakuti: "Mimba yatsogola, mwini wake ali m'mbuyo, yameza makuponi, ikufuna ndi matumba omwe." Dzina sindinatchule. Komanso nyimbo ya m'chigafa inkathera m'chigafa momwemo. Mukatseka pakamwa, basi yapita.

Tsiku lina kunabwera alangizi a zaumoyo kudzakweza ana sikelo. Anatipeza tikuimba, ndipo anaseka mpaka kugwira nsanamira.

"Mayi, ndikujambuleni?" anatero akutulutsa foni.

Ine ndinkayesa akunena chithunzi. Ndinakonza duku, n'kuimba ndi mphamvu zonse kuti pachithunzipo ndioneke wosangalala. Zoti foni imameza ndi mawu omwe akanandiuza ndani?

Nthawi imeneyo magetsi anali atangofika kumene pamsika wathu. Panatsegulidwa chigayo, pometera, ndi kashopu kothira nyimbo m'mafoni, kokhala ndi sipika yotalika ngati munthu. Loweruka lina ndikuchokera kuchigayo, ufa uli pamutu, ndinamva mayi wina akuimba mokweza. Ndinati mumtima, koma mayiyu ali ndi mawu! Kenako ndinamva: "Mimba yatsogola..."

Ndinagwira pakamwa panga. Panali potseka. Koma ndinali kuimbabe, msika wonse ukumva, mpaka kachifuwa kanga kafodya kanamveka pakati pa nyimbo. Akabaza ankavina atatukumula mimba. Ndinathawa osacheuka, ufa ukutayika njira yonse.

"Amake Eneya, mwatipha," anatero amuna anga nditawafotokozera. "Fodya akadali m'chigafa. Akatithamangitsa panopa, tilowera kuti ndi anawa?"

Chimanga chimene tinkadya chinali cha abwana, nyumba yawo, ngakhale khasu lenilenilo. Chakudya chinasiya kulowa. Galimoto ikangomveka kumsewu, ine ulendo kukabisala kuseri (ana anayamba kundiseka). Ndinamanga ndi kamtolo ka zovala, n'kukabisa pansi pa mphasa.

Ndiye masana ena kapitawo anafika pakhomo. "Abwana akukufunani nonse awiri."

Tinawapeza atayedzamira galimoto yawo, mimba ija ili patsogolo monga ndinaimbira. Sanatipatse moni. Anangopisa dzanja pawindo n'kutsegula wailesi. Mawu anga anatuluka. Ndinagwada pafumbi. Amuna anga anayang'ana zala za kumapazi ngati aziona koyamba.

"Mama, mawu awa ndi anu?"

Ndinafuna kukana, koma kachifuwa kaja kanatsokomola m'wailesimo, ndipo nane mantha ananditsokomoletsa chimodzimodzi.

"Ndi anga, bwana."

M'maganizo ndinaona ana anga ali pamsewu ndi mapoto pamutu. Kenako abwana anaphulika kuseka, mimba ikugwedezeka.

"Yewo chomene, mama! Munamuona bwino munthu ameneyu. Ndi iyeyo ndithu!" Anathokoza m'Chitumbuka akuloza esiteti ya kutsidya kwa dambo, ya mnzawo amene ankakangana naye malire. "Koma mwaiwala dazi lake. Wonjezerani ya dazi, mutchule ndi dzina lomwe."

Anatulutsa foni n'kundilozetsa kukamwa.

Ndikanakana bwanji? Amuna anga ananditsina paphewa. Ndinaimba, thukuta lili kamukamu, dazi ndi dzina zonse. Sabata isanathe, nayonso inali pa sipika.

Fodya wathu anapita ku okushoni bwinobwino. Koma chaka chotsatira mitengo yogulira fodya itagwa, abwana athu anasiya kulima. Malo a matenanti anatsala kumodzi kokha, kutsidya kwa dambo. Tinapita. Mwini wake anavula chipewa, dazi lili waliwali, n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

"Akazi anuwa amaimba?"

"Ayi bwana," anayankha msanga amuna anga. "Awa ndi kulankhula komwe n'kovuta."

Ndinasoka fodya wa bambo ameneyo kukamwa kuli tseke ngati ndili pamaliro. Chovuta n'chakuti anali ndi kayendedwe kenakake koseketsa, ndipo nyimbo yake ndinaipeka kale mumtima. Ikungondiyabwa pakhosi.