Wawa Atsibweni pa Thilela

Ku msika wa Nsaru ndimadutsako mothamanga, chifukwa alipo amayi ena okumbukira zinthu mopitirira muyeso.

Tinali atsikana anayi: ine, Tadala, Memore ndi Chikondi. Tonse tinagwa pa mpikisano woimba ku Namitete, koma bambo wina wobwereketsa masipika anatitola n'kutipanga gulu. (Ankati payekhapayekha ndife manyazi, koma tikaphatikizana zimamvekako.) Vuto linali kunyumba. Atsibweni amene anandilera ndi mkulu wa mpingo, ndipo iwo ankadziwa kuti Loweruka ndimapita kukwaya. Akanamva zoona, kuimba kwanga kukanathera pomwepo.

Tsiku lina la msika ku Nsaru komweko tinakwera pa thilela ya thirakitala, yomwe inali siteji yathu, titavala mathalauza othina. Nyimbo yachiwiri ili pakati, ine ndikudula chiuno mosaona nkhope, ndinamva wina akuitana mfunda wanga pafupi penipeni.

"Nabanda?"

Atsibweni, njinga m'manja, thumba la feteleza pakaliyala.

Sindinaganize n'komwe. Mawondo anangodzipinda okha. Ndinagwada, maikolofoni ikadali pakamwa, n'kuyankha kuti, "Wawa atsibweni." Mawuwo anatuluka m'masipika onse mpaka kokwerera minibasi. Manyazi ake, ndinalakalaka kusanduka thabwa.

Tadala, mtsogoleri wathu, anandiyang'ana kamodzi, nayenso n'kugwada. Enawo anatsatira. Atatu onse anayamba kuomba m'manja mwaulemu motsatira ng'oma, akuimba kuti "Wawa atsibweni, wawa," ngati tinachita kukonzekera. Msika unalandira nyimboyo, amayi a tomato n'kuthira nthungululu. Atsibweni, posowa chochita, anavula chipewa n'kukankha njinga yawo.

Nditafika kunyumba ndinawapeza pakhonde. Ndinagwadanso.

"Kwaya ija ndi imeneija, eti?"

"Eya, atsibweni."

Ndinayamba kutsanzikana ndi gululo mumtima. Koma iwo anati:

"Mathalauza aja sindinawaone, ndipo sindikufuna kuwaona. Koma anzako aja ndi ana oleredwa. Usawataye."

Sindinawataye. Tinaimba limodzi ku Nambuma, ku Kabudula mpaka ku Mpingu, kufikira maukwati atatibalalitsa. Atsikana amenewo ndimawathokoza ndi mtima wonse, chifukwa akanatha kungoima n'kumaseka ngati ena onse. Chokhacho n'choti kulikonse kumene tinapita anthu sankalola kuti titsike tisanagwade, ndipo matabwa a thilela alibe chisoni. Tadala mpaka lero akatsimphina amati ndi ine.