Matabuleti a Alendo

Kwa Olemekezeka Akulu a Nthambi Yofikitsa Makompyuta Kumidzi,

Bwana,

Ndalemba kalatayi chogwada, ngakhale pansi pakuzizira. Mukuidziwa Dedza mu Juni. Ndine Gervazio, kholo wamba la kuseri kwa Mphunzi. Mwana wanga Falesi, wa Sitandade 6, amakonda gemu yomanga dziko lakelake pafoni ya amayi ake. Wamangamo kale mlatho ndi msika wa kachewere wokhala ndi chimbudzi, zinthu zomwe ife tikudikirabe. Tsopano akufuna kuphunzira kulamula kompyuta polumikiza timabokosi ta malamulo. Nditayamba kumufunira pulogalamu yabwino, ndipamene ndinaona ukulu wanu.

Choyamba, zikomo potilangiza mapulogalamu atatu pawailesi. Awiri amafuna netiweki. Netiweki kwathu imapezeka pachulu cha aneba athu a Ezara, ndipo chaka chino adzalapo maungu.

Chachiwiri, pulogalamu yachitatuyo siifuna netiweki, ndipo munaiika m'matabuleti amene munapereka kusukulu kwathu. Munalamulanso kuti tabuleti ikasweka, mphunzitsi adzayankha yekha. Aphunzitsi athu analeredwa bwino: anawatsekera m'kabati, m'mapulasitiki mwake momwemo, monga tichitira ndi mbale za alendo. Palibe imene yasweka. Palibenso imene yayatsidwa. Mukamalengeza kuti zonse zili bwino, simunama ayi.

Chachitatu, ndisakunamizireni, Falesi anaigwirapo tabuleti imodzi. Tsiku lija munabwera ndi galimoto zoyera, anamusankha chifukwa yunifomu yake inali yochapa. Anagwira, anamwetulira, munajambula. Fumbi lanu lisanathe mumsewu, kabati inali itatsekedwa. Chithunzicho chili pakalendala yanu. Muchiyang'anitsitse: sikirini ndi yakuda bii.

Panopa mwanayu amadula makatoni a sopo, n'kulembapo "pita kutsogolo", "tembenuka", "bwereza", n'kuwasanja pakhonde. Kompyuta yake ndine. Dzulo anaiwala katoni yoimitsa, ndipo ine ndi ukulu wangawu ndinazungulira mtengo wa pichesi mpaka nkhuku zinayamba kundimvera chisoni. Posachedwa amaliza pulayimale, kabatiyo n'kuisiya chitsekere.

Pempho langa ndi laling'ono. Netiweki sindikupempha, malire anga ndimawadziwa. Koma popeza kabati imatsegukira alendo okha, muzititumizira galimoto yoyera Lachisanu lililonse. Inu musavutike kubwera. Dalaivala yekha akwana, bola avale tayi. Mungomuuza kuti akajambula asamafulumire kunyamuka, mwana apezeko poyatsira.

Ine wanu, mawondo atachita dzanzi,

Gervazio,
kompyuta ya Falesi