A Festus ndi Mnzawo Wopanda Dzina

Ku Chisepo aliyense ankadziwa kuti a Festus Kamtedza, mphunzitsi wopuma uja, ankakangana ndi mabuku. Anthu ena amawerenga buku n'kulitseka. Iwo ayi, ankalibwezera mawu ngati wolembayo wakhala nawo pamkeka.

Akazi awo, a Modesta, anadziwa khalidweli atangolowa m'banja. Ali kukhitchini anamva kukhonde mawu akukwera: "Ayi bwana, apa mwanama! Bwerezani!" Anathamangira kuthira madzi ena m'ketulo poganiza kuti kwabwera mlendo. Potuluka ndi makapu awiri anapeza amuna awo ali okha, chala chikuloza tsamba.

"Alendo aja apita?"

"Ali pompano, amayi. Angosowa choyankha."

Mwana wawo Benjamini atawagulira wailesi yakanema ya sola, a Modesta anaganiza kuti mkuluyo apuma. Kunali kuwonjezera nkhuni pamoto. Nthawi ya nkhani ikakwana, a Festus ankavala jekete.

"Mukupita kuti, bambo a Benjamini?"

"Mnzanga wowerenga nkhaniyu wabwera atamanga tayi. Ndimulandire ndili pamimba pamtunda?"

Wolosera zanyengo akati ku Dowa kugwa mvula, iwo ankadzuka pampando. "Dowa wake uti? Kuno kapena ku Nachisaka? Mapiri onsewa mwawaika m'thumba limodzi?" Anthu oyandikana nawo anayamba kudzaza pabalaza madzulo aliwonse. Ankati abwera kudzaonera nkhani, koma maso onse ankakhala pa a Festus.

Tsiku lina kunabwera Debora, mwana wa mlongo wawo, amene amaphunzitsa kuyunivesite. Anawafotokozera kuti anthu ophunzira amalemba kafukufuku wawo, n'kutumiza ku magazini a akatswiri, ndipo akatswiri ena obisa mayina amauunika asanausindikize.

"Ndiye kuti kuli malo amene anthu amangotsutsana basi?"

"Ee, amalume."

"Ndipo ine sanandiitane?"

Dzinja lonse a Modesta anapalira okha mtedza. Amuna awo ankakhala m'mbali mwa msewu ndi ambulera, akufufuza chifukwa chake mbuzi zimakonda kugona pakati pamsewu. Debora anataipa pakompyuta zonse zimene anapezazo n'kutumiza ku magazini ina, uku akuseka chamumtima.

Yankho linabwera. Wounika woyamba anangoti nkhaniyo siyoyenera magaziniyo. Wachiwiri analemba zambiri: umboni ndi wochepa, mbuzi sizinawerengedwe bwino, ndipo "a Yeremiya a kuchigayo anatero" si buku loti munthu n'kulitchula.

Debora ankawerenga mwamantha pafoni yake. A Modesta anayang'ana amuna awo, akudikira bingu. Koma nkhope ya mkuluyo inawala ngati ya mwana wolandira nsapato.

"Amayi, mwamva? Wandiyankha! Zaka zonsezi ndalankhula ndi mabuku, ndalankhula ndi kanema, palibe anandibwezerapo mawu. Uyu ndiye munthu!"

Kuyambira pamenepo anamutcha "mnzanga wopanda dzina". Ankakonza n'kutumizanso, winayo n'kukananso, iwo n'kuvina. Atauzidwa kuti awonjezere umboni, anagwira mbuzi ya eni ake kuti ayeze kutentha kwa mimba yake, mpaka a Modesta anakapepesa ndi nkhuku.

Chaka chathachi chifuwa chinawagwetsa. Ali gone kuchipatala ku Mtengowanthenga, mawu atatsala pang'ono, anakodola Debora.

"Mnzanga uja wayankha?"

"Sanayankhe, amalume."

"Akuganiza. Ndam'panikiza ulendo uno."

Anamwalira sabata yomweyo. Nkhani ya mbuzi sinasindikizidwe. Debora atadziwitsa a magazini za maliro, mkonzi anatumiza mawu ochokera kwa wounika wachiwiri uja. Anati mpaka pano sakugwirizana nawo a Kamtedza, koma palibe yankho limene ankalidikira ndi mtima wonse ngati lawo. A Modesta anaseka misozi ili m'maso.

"Umuuze abwere adzaone yekha mbuzizo. Pogona tim'patsa."

Masiku ano ukadutsa pakhomo la a Kamtedza umangomva nkhunda padenga. Anthu oyandikana nawo aja sabweranso madzulo. Mayi wina wopemphera nawo kumphakati anafunsa a Modesta kuti akukhala bwanji. Iwo anapukusa mutu.

"Moyo wanga wonse ndinkapempha Mulungu kuti pakhomo pano pakhaleko bata, ngakhale tsiku limodzi. Wandiyankha mopitirira muyeso."