Nyumba Yopuma Imene Ndinamanga ku Simonga

Inu amisiri a masiku ano, sekani ndithu, koma amene akuti Filimoni Mbewe ndi wabodza atsike pa benchipo adzanene pafupi. Ine ndinayamba kumanga nyumba pano pa Libuyu makolo anu akuyamwabe. Bambo anga anachoka ku Ntcheu wapansi kudzagwira ntchito ya njanji, ndipo chuma chimene anandisiyira ndi manja awa ndi pakamwa posadziwa kunama. Mulungu akuona.

Zinali m'nthawi ya chipani chimodzi, pamene munthu ukaona mzere pasitolo unkayamba waima kaye, kufunsa chimene akugulitsa pambuyo. Tsiku lina kunyumba kwanga kunabwera ba Mutinta, mayi wojambula zithunzi, amene ankatsogolera gulu la ojambula ndi osema ziboliboli a ku Mukuni. Anthuwa ankagwirira ntchito m'shedi ya malata m'tauni, ndipo mwezi wa Okutobala penti inkauma pa burashi isanafike pansalu, mvuu zamtengo zinkang'aluka misana, ndipo nyamalikiti wina wosemedwa bwinobwino anaweramitsa khosi yekha kufuna madzi. Boma linawapatsa malo kupitirira Simonga, pamene Zambezi amatambalala ngati nyanja, koma ndi lamulo lakuti Gavanala akabwera pakutha pa mwezi apeze nyumba itaima, apo ayi malowo apatsidwa munthu wina wofuna kumangapo bala.

"Ba Mbewe," anatero ba Mutinta, "simenti kulibe, malata kulibe, misomali kulibe. Manje tizachita bwanji?"

Ndinawafunsa ngati dothi nalonso layamba kugulitsidwa pamzere. Anati ayi. Bango? Ayi. Udzu? Ayi. Ndinati ndiye pitani mukasambitse maburashi anu.

Sindinayambe ndi kukumba ngati mmene mumachitira inu. Ndinaima pamalopo masiku atatu, chala chonyowa chili m'mwamba, kuphunzira kumene mphepo imachokera m'mawa ndi kumene imathawira masana, osagwedezeka ngakhale pang'ono, mpaka kakowa anandiyesa chitsa n'kuyamba kutola timitengo tomangira chisa pachipewa changa. Mukumva? Mtengo sindinadule ngakhale umodzi. Mkuyu waukulu umene unali pakatipo ndinausiya kuti nyumba iuzungulire, ndipo nsichi ndinatola mitengo imene njovu zinagwetsa kale.

Dothi ndinatenga la pachulu chakufa, koma loti lipondedwe linali phiri, ndipo anthu osema manja awo ndi olimba koma miyendo ndi yonga ya nkhuku, ndiye ndinakumba dzenje m'mbali mwa madzi, ndinathiramo dothi ndi udzu woduladula, pamwamba ndinaponyapo masamba a maungu, mvuu zisanu ndi ziwiri zinatuluka zokha dzuwa likuswa mtengo, zinaponda, zinaponda, zinatembenuza, ndipo yaikulu ija nditaiuza kuti pangodya iyo sipanapse inabwerera kukapondanso. Makoma ndinawaumba okhuthala moti ukapereka moni kunja m'mawa, wa m'kati ankayankha kuti "taswera bwino". M'khoma la kum'mwera, kumene dzuwa silimenya, ndinaikamo mabotolo opanda kanthu amene ndinatola kuseri kwa mabala onse a m'tauni, kuti kuwala kuzilowa kofewa, ojambula aziona mitundu osatsinzina. Denga la udzu ndinalimanga ndi luzi, lotsetsereka kwambiri moti dontho la mvula linkafika m'diramu lisananyowetse kanthu, ndipo buluzi aliyense woyesa kukwerapo ankatsika chagada.

Koma nzeru yeniyeni inali mawindo. Am'munsi ndinawayang'anitsa kumtsinje, am'mwamba ndinawaika pansi pa denga mbali inayo, kuti mphepo yozizira izilowa m'munsi n'kukankha yotentha ituluke pamwamba. Nyumbayo inkapuma, anthu inu. Ukaima pakhomo unkaimva ikukoka mpweya, fuu, ndipo ukapanda kugwira chipewa chinkalowa mwini wake asanalowe.

Tsiku la Gavanala linafika, kutentha koti matayala a galimoto yake anabwera ndi phula la mumsewu litakanirira ngati chingamu. Amayi a chipani atavala zitenje zofanana ankaimba ndi kuvina. Munthu wamkuluyo anatsika, suti yake ya manja aafupi itanyowa chonyowa, anayang'ana denga, anayang'ana makoma, nkhope inagwa.

"Ni chani ichi? Tinatenga ufulu kuti tibwerere ku udzu na matope? Gumulani!"

Nyimbo inaduka. Osema anayang'ana pansi, ba Mutinta misozi ili mbwembwembwe, ndipo wa bala uja, amene anabwera dala kudzaonerera, anayamba kale kuyeza malo ndi mapazi. Ine mtima unagunda kamodzi kokha. Ndinavula chipewa n'kunena kuti, "Bwana, tigumula lero lomwe, koma lowani chabe mukalembere pamthunzi chikalata chogumulira, dzuwa lingakupwetekeni."

Analowa. Thukuta la pachipumi pake linauma gwa n'kugwa pansi ngati mikanda, ngwe, ngwe, ngwe, anayetsemula katatu, anapempha bulangeti, anakhala pampando wosemedwa kuti atulutse cholembera, cholembera chisanatuluke m'thumba mkonono unali utayamba. Tsono masiku amenewo ndani akanadzutsa Gavanala? Wapolisi anakana. Mlembi wa Gavanalayo anakana. Amayi panja anauzidwa kuti ayambirenso kuimba ndipo asasiye mwambo usanathe, ndiye anaimba masiku atatu, mawu anatha, anapitiriza ndi manja okha, wa bala uja anakomoka ndi dzuwa n'kunyamulidwa pangolo ya ng'ombe. Mukumva?

M'masiku atatuwo ba Mutinta sanangokhala. Anamujambula ali m'tulo, kungoti pachithunzipo anamutsegula maso, anamutseka pakamwa, anamuchotsanso chibwano chimodzi mwa zibwano zake zitatu. Atadzuka anaona chithunzicho, anafunsa kuti mnyamata wokongolayu ndani, atauzidwa anadula riboni pomwepo bulangeti lili paphewa, n'kulankhula maola awiri kuti kumanga ndi dothi lathu ndiye kudzidalira kumene iye wakhala akuphunzitsa anthu kuyambira kale. Ine ndinaomba m'manja kuposa onse. Malo anakhala a ojambula, ndipo anthu ankachokera kutali kudzakhala milungu ingapo akujambula mtsinje ndi kusema, ena atavala majuzi mu Okutobala.

Iwe wa kumapetoko, ukufunsa kuti nyumbayo ili pati lero? Pita ukaone. Ukapeza chimanga, chachitali kuposa cha munda uliwonse ku Simonga. Inakhala zaka zingati? Funso lachipongwe limenelo. Chabwino, mvula ziwiri. Ndinaiwala kufunsa akuluakulu a pamudzipo pamene madzi amafika mtsinje ukadzaza. Koma inagwa mwaulemu, ndikukuuzani! Inadikira onse atuluke, inadikira ba Mutinta abwerere kukatenga chithunzi chomaliza, inadikiranso mphaka, kenaka inagwada pang'onopang'ono ngati mpongozi n'kubwerera m'nthaka, osasiya msomali woti ulase mwana kuphazi. Tsono mwa inu nonse pano, ndani anamangapo nyumba yoti itagwa anthu n'kukololapo chimanga?