Mthuthuthu Wanga Ukupukusa Mutu

Lolemba

Kalata yafika kuchokera kwa alamu ku Katete. Akulu anga sakudzukanso pamphasa, akufunsa za ine. Ndinyamuka Lamulungu m'mawa, pamthuthuthu wanga monga mwa masiku onse. Chiugulireni posiya ntchito ya umesenjala m'boma, sindinafikepo kumudzi pabasi.

Ndamangiratu katundu kumbuyo kuti ndiyesere:
thumba la ufa
shuga ndi mchere
sopo (amake Tisa anamuimira pamzere masiku atatu)
chigubu cha petulo
khasu la pulawo

Ndikulowera ku Chelstone, msewu womwewo wopita ku Katete. Kungowonjezera liwiro pang'ono, mahandulo ayamba kupukusa uku ndi uku ngati ng'ombe yokana goli! Ndabwerera mwakachetechete. Amake Tisa sindinawauze.

Lachiwiri

Kwa Mulenga, makanika wa pansi pa mtengo wa mango pano pa Kabwata. Ali ndi pepala la kusukulu ya ntchito, analikhoma pamtengopo. Wamasula katundu yense, wakwera, wapita, wabwera.

"Ba mudala, iyi njinga ilibe mulandu. Mwalemesa kumbuyo, kusogolo kwapepuka. Chosaniko katundu."

Ndichotse chiyani? Sopo? Ndikafike kwa wodwala chimanjamanja? Mwana ameneyu anabadwa ine ndikuyendetsa kale. Komanso ndi wowonda, mthuthuthu sunamumve n'komwe. Matenda ali kuwilo lakutsogolo. Ine kusukulu sindinapondeko, malembo awa ndinaphunzirira pamaenvulopu a boma, koma makutu ndili nawo.

Lachitatu

Ndauimika panjerwa, wilo lili m'malere. Ndikugogoda masipoko limodzilimodzi ndi sipanala. Ena akuti ngiii, ena akuti phu. Ndaugwira mtengo wake! Wilo labwino masipoko ake ayenera kuimba mawu amodzi, ngati amayi a kwaya kutchalitchi kwathu. Ndamanga onse mpaka amvana. Tsiku lathera pamenepo. Awiri aduka.

Ndikulizunguza. Likupita kumanja, likubwerera kumanzere, likupitanso. Dzulo silinkatero. Ndiye kuti matenda ayamba kuonekera poyera.

Lachinayi

Mwina gwero lake lili m'khosi. Ndamasula nati yaikulu ya pansi pa mahandulo. Palibe anandiuzapo kuti timipira tachitsulo ta m'menemo timangokhala tosamangirira. Waaa! Pabwalo ponse.

Ndatola makumi atatu ndi kamodzi. Mulenga wafuula ali pamsewu kuti timakhala makumi anayi. Sindinamufunse.

Amake Tisa akusefa mchenga ndi sefa yawo ya ufa, kufunafuna totsalato.

Tambala wa a Tcheyamani a chipani, oyandikana nafe, ndamuona ndi maso angawa akumeza kamodzi. Ndapita kukapempha kuti amutsekere m'dengu mpaka mawa, tione chimene chituluke. Iwo: "Khadi la chaka chino munagula, a Phiri?" Ndabwerako.

Lachisanu

M'tauni, wapansi. Masitolo atatu, yankho limodzi: "Kulibe, tikudikira za kunja." Ku City Market wokonza njinga zakapalasa wandipatsa timipira ta njinga. Tachepa pang'ono. Akuti ndipakemo girisi wambiri, tikulira momwemo.

Pobwerera ndaona mzere wautali, ndaimapo osafunsa. Anali makandulo. Ndawonjezera pakatundu.

Tisa, mwana wanga wa unesi uja, wabwera dzuwa likupendeka. Wayang'ana mthuthuthu wopanda mutu, wayang'ana ine, waika tikiti ya basi patebulo. "Atate, akulu anu sakudikira masipoko." Ndamuuza kuti akaibweze. Sanaitenge.

Loweruka

Ndabwezeretsa zonse m'malo mwake. Zotsala:
kawashala kamodzi
kasipulingi
nati imene sindikuidziwa

Katundu sindinamange. Osati chifukwa cha Mulenga ayi, kungofuna kuona chabe. Ndaliza, ndakwera. Tsopano ukupukusa ngakhale paliwiro la munthu wopita kumaliro! Ndikukhotera kumanja, wokha ukupita kumanzere. Ndalowa mumpanda wa a Tcheyamani. Bondo lasupuka, thalauza lang'ambika, nyemba zawo zagona.

Mulenga wabwera osaitanidwa. Wazunguza wilo, wagwira pakamwa. "Nindani anagwila masipoko aya?" Ndati mwina anachoka choncho kwa amene anaupanga. Akuti kuwongola limu la wilolo ndi milungu iwiri, ngati masipoko apezeke.

Milungu iwiri.

Ndawerenganso kalata. Mawu oti fulumirani alamu analemba kawiri, kachiwiriko anachita kudinda mpaka pepala kuboola.

Lamulungu

Pabasi. Malembo akupindika, si ine, ndi msewu. Katundu yense ali padenga. Mpando wandigwera wapakati, ndipo mayi wina wandisungitsa dengu la anapiye pamiyendo, pabondo lomweli.

Tadutsa Chelstone. Sindinayang'ane kunja.

Ndavala jekete langa lachikopa, magolovesi, ndi chipewa changa chachitsulo. Kukutentha, thukuta likulowa m'makutu. Kondakitala akuti, "Shani mudala, simukhulupilila dalaivala wathu?" Anthu aseka. Aseke.

Ndikatsikira pamsewu waukulu, katundu akatsatira pangolo. Mtunda wotsalawo ndikayenda pansi, chipewa chili kumutu, magolovesi ali m'manja. Akulu anga akafunsa kuti mthuthuthu uli kuti, ndikati ndausiya ku boma, njira yakumudzi yakumbika.

Bola ndikawapeze akutha kufunsa.