Ndinaimitsa mkwatibwi pamwamba pa una wanga

Anzanga, mwana akaphunzira sindiye kuti bambo ake aphunziranso, izi ndazidziwa imvi zili mbuu. Ine kwathu ndi ku Ntcheu, ku Katowo kuno ndinabwera ndi uphunzitsi n'kukwatira konkuno kwa a Gondwe, ndipo ngakhale ndinapuma ntchito, alamu anga amandionabe ngati munthu wa choko, woti khasu silimudziwa. Ndiye mwana wathu woyamba, Chawanangwa, ali kunja uko mumzinda wina waukulu, ntchito yake ndi yoyeza pomwe akukumba njanji ya pansi pa nthaka yolumikiza masiteshoni awiri akuluakulu a sitima. Tsiku lina ananditumizira kavidiyo pa foni. Chimakina china chachokera siteshoni iyi, china siteshoni inayo, zikufukula pansi pa nyumba zosanja miyezi ndi miyezi osaonana, kenaka khoma la pakati likugwa, zakumana ndendende. Kavidiyo kameneko ndinaonetsa aliyense, kutchalitchi, kuchigayo, ngakhale pamaliro ndinaonetsako awiri atatu kuseri kwa nkhokwe.

Tsono alamu anga a Gondwe, achimwene awo a mayi a kunyumba, ali ndi dimba kumunsi kwa msewu wafumbi wopita kutchalitchi, pomwe ngalande ya madzi ili kumtunda kwa msewuwo. Iwo ankafuna kudula msewu, kuyala paipi, n'kukwirira. Koma Loweruka unali ukwati wa mwana wawo Lusungu, ndipo galimoto ya mkwatibwi inali yodzadutsa pomwepo, ndiye anati tidikire ukwati uthe ngakhale tomato wayamba kufota. Apa m'pamene pakamwa panga panandipachika.

"Alamu, zodula msewu n'zachikale," ndinatero ine. "Tidutse pansi. Inu muyambire uko, ine uku, tikumana pakati."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Iwo amanditchula asambizgi, ndiye kuti aphunzitsi m'Chitumbuka.

"Mukuzidziwa zimenezi, asambizgi?"

"Nanga Chawa nzeru zimene zija anazitenga kwa ndani?"

Mayi a kunyumba atamva anangopukusa mutu, amvekere, "Abambo ake Chawa, mwambi ndi wa kwanu komwe, ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo." Ine ndinati azimayi mumakonda kugwetsa ulesi.

Lolemba tinayamba. Msewuwo ndi wokwera, m'lifupi mwake masitepe asanu ndi limodzi. Kuyeza kwake? Ndinaima pakati pa msewu, kutsinzina diso limodzi, kuloza ndi mpini, "Inu apo, ine apa," basi. Tinalowa chokwawa ndi timakasu tatifupi, dothi lofiira m'kamwa, m'makutu, msana ukuchita kulira. Pofika Lachitatu madzulo ine ndinali nditakumba masitepe anayi, alamu anayi. Inu owerenga, anayi ndi anayi mumsewu wa masitepe asanu ndi limodzi, osakumana, ndiye kuti chiyani? Ine amene ndinakwapula ana a eni chifukwa cha masamu, ndinadziwa kuti taphonyana.

Ndinagogoda khoma ndi khasu. Alamu anayankha gu gu gu, koma kumveka ngati kumanzere, kenaka ngati kumbuyo. Ndinakhota. Iwonso anakhota. Lachinayi lonse tinangosakana pansi pamenepo ngati mbewa, uku kukumba, uku kukulitsa, mpaka njinga ya kabaza itadutsa pamwamba dothi linandiwazikira m'khosi. Ndinatuluka chambuyo mofulumira, thukuta lili kamukamu.

Lachisanu m'mawa, nditawauza alamu kuti ndikafunse kwa mwana, ndinakwera pachulu pomwe netiweki imagwira, ndinamuimbira Chawa. Ndinayamba monyadira ndithu, kuti mwanawe, kuno nafenso tayamba zanu zija.

"Adada, mwayeza ndi chiyani?"

"Ndi maso."

Chawa anafunsanso.

"Nanga denga lake mwachirikiza ndi chiyani?"

"Kuchirikiza chiyaninso?"

"Adada! Ife tisanakumbe timayeza chaka chathunthu, ndipo tikangokumba pang'ono timamanga khoma pompo. Musalowemonso. Pamenepo pasadutse ngakhale ngolo. Pitani mukawauze asibweni lero lomwe."

Asibweniwo ndiye amalume ake, alamu anga aja. Ndinapitadi, Mulungu ndi mboni. Koma ndinapeza pakhomo pali anthu mbwee, ng'ombe ikusendedwa, achibale a mkwati afika kuchokera ku Phwezi, ndipo alamu atangondiona anandikoka dzanja kupita nane kwa alendowo. Akuti awa ndi bambo ake a injiniya, akutidutsitsira madzi pansi pa msewu ngati kwa azungu. Zaka makumi atatu ndili m'banja limeneli, kanali koyamba kundiyamikira pagulu. Inu mukanatani? Atandinong'oneza kuti mwana uja wati bwanji, ndinamva pakamwa panga pakunena pokha kuti, "Wati zili bwino chomene."

Manyazi ndi matenda, anzanga. M'malo moulula ndinayamba zozembera. Ndinadula nthambi za minga n'kuziika pamsewupo kuti anthu azilambalala. Loweruka m'mawa amayi okongoletsa njira ya ukwati anazichotsa, kusesa bwinobwino, n'kumangapo timaluwa ta pepala, akutukwana mfiti yomwe yaika minga panjira ya mkwatibwi. Ine ndili pomwepo, ndikuvomereza kuti anthu ena ndi oipa mtima. Ndinakapeza dalaivala wa pikapu akupukuta galasi, ndinamupempha kuti adzere njira ya kusukulu.

"Madala, mkwatibwi adzere kuseri ngati wakuba? Yayi."

Phala la m'mawa silinalowe. M'mutu mwanga ndinkangoona Lusungu, mwana amene ndinamuphunzitsa kugwira pensulo, ali pansi pa pikapu tsiku la ukwati wake, ine ndine wakupha.

Nthawi itakwana pikapu inanyamuka pang'onopang'ono, Lusungu ali kutsogolo ndi chovala chake choyera, kumbuyo kwadzaza atsikana a kwaya, amayi akuimba m'mbali. Apa ndinati zivute zitani. Ndinathamanga, suti ili pathupi, kudutsa gulu lonse, n'kukaima pakati pa msewu manja m'mwamba, ndikukupiza, ndikulumpha, ndikukuwa kuti imani, imani!

Galimoto inaimadi. Koma chifukwa cha mantha ndinali nditapitirira, ndinaima tsidya lina la una uja. Ndiye inaima pati? Pamwamba penipeni.

Amayi ataona nkhalamba ikulumpha manja m'mwamba anayesa chisangalalo chandigwira. Nthungululu! "Asambizgi avina lero!" Onse khamu pa ine. Wina wandimanga chitenje m'chiuno, atsikana a kwaya akudumpha m'pikapu momwemo, ng'oma yakolera, amayi onenepa bwino akuponda pansi ndi mphamvu zawo zonse. Ine ndikuti chokani, pali dzenje, iwo akuyankha eee ngati ndikutsogolera nyimbo. Ndikukankha uyu, iye akuti ndi sitepe yatsopano, akundikankhanso. Misozi ikutsika, akuti taonani chikondi cha ankolo.

Kenaka pansi panangoti gumu! Tayala lakumbuyo lonse linamira, pikapu inapendekeka, atsikana a kwaya anakhuthukira mbali imodzi ngati matumba a chimanga, fumbi lofiira kobo. Ng'oma zii.

Ndinathamangira kuchitseko. Mulungu ndi wabwino, palibe anavulala, kupatula mtsikana mmodzi amene anasupuka chigongono. Lusungu anatsika yekha, anakweza chovala chake, nsonga zake zafiira kale. Pamenepo ndinaulula zonse pamaso pa anthu a ku Phwezi ndi a ku Katowo, za foni, za minga, za bodza langa, chitenje chili chimangire m'chiuno.

Alamu anagwada ndi suti yawo, anasuzumira m'dzenje pansi pa tayala, anayang'ana uku, anayang'ana uko. Mauna athu awiri aja anali atagona moyandikana, pakati pake kakhoma kosaposa chikhato, ndipo tayala ndi limene linakagumula. Anadzuka, anasasa mawondo, n'kunena mokweza kuti aliyense amve.

"Asambizgi, zakumana. Yewo chomene."

Anthu anaseka mpaka ena kukhala pansi. Koma chimene chinandilasa ndi Lusungu. Anandiyandikira, maso ali jenjenje ndi misozi, n'kunena motsitsa, "Ankolo, mukanangondiuza dzulo, bwenzi nditavala nsapato zoyendera." Anapita kutchalitchi wapansi, pa nsapato zazitali zija, akutsimphina, ine ndikutsatira kumbuyo kwenikweni ngati galu woba mazira.

Sabata yonse yotsatira ndinakwirira msewu ndekha, ndi wilibala yobwereka. Ndiye ndikulumbira pamaso panu nonse, ine zokumba ndasiya, ngakhale dzenje la nthochi ndiziitana wina. Ndipo kanthu kakadzandivuta, ndidzanena Lachisanu lomwelo, ng'oma isanalire.