Kangolo ka Dalitso ndi mafoni awiri

Lolemba
Dalitso wakwanitsa chaka ndi miyezi itatu koma akukwawabe. Ku sikelo anesi akuti tisade nkhawa. Ine ndikuda. Mwana wa aneba ndi wamng'ono kwa iye koma akuthamangitsa kale nkhuku.
Ndimukhomera kangolo kogwira pophunzira kuyenda. Zofunika:
- thabwa limodzi, lilipo
- misomali, ndizula pachitseko cha khola
- mawilo atatu
- kuona mmene amakhomera
Wokonza njinga pa Zemba wandilembera pakapepala dzina la tsamba la pa intaneti, la makanema a ukalipentala okhaokha. Akuti ndi aulere.

Lachiwiri
Netiweki ili pachulu basi. Ndakwera. Kanema wayamba bwino, manja a munthu akucheka thabwa. Pofika poika mawilo, waima. Pabwera uthenga wofiira woti ndiike kaye kapulogalamu kawo kuti kanema apitirire. Kakupempha zithunzi, manambala, mameseji. Ine ndikungodina inde, inde, inde, ngati polembetsa feteleza.
Kanema sanapitirire.

Lachitatu
Foni ikutentha ngati mbatata yootcha. Batire yatha dzuwa lisanafike pamutu. Pakungotuluka zithunzi za akazi osavala bwino, ine osadina kanthu! Ndaibisa m'thumba la mtedza.
Amake Dalitso anyamuka ndi mwana kupita ku Mlolo, achemwali awo achira. Ponyamuka akuti, "Musamale foniyo, muli zithunzi zonse za mwana." Zoona. Tsiku lobadwa, ubatizo, dzino loyamba. Ndangoti eya.

Lachinayi
Foni yakana kutsegula. Ndapalasa mpaka pa boma. Wokonza mafoni akuti, "Wakuba mwamulowetsa nokha, makiyi n'kumupatsanso." Zithunzi zatsekedwa, sizingatsegukenso, pafunika kufufuta zonse. Ndangokhala pansi. Kenako ndakumbukira kuti amake Dalitso anatumiza zithunzi zonse mufoni ya mayi awo. Zilipo!
Ndikutuluka pakhomo, wokonza uja akuwonjezera kuti kapulogalamu kaja katumiza kale meseji m'dzina langa kwa onse a mufoni, yoti onani kanema uyu. Wodina, yakenso yapita.
Nambala ya apongozi ilimo. Meseji iwafika akakwera pachulu, ndipo amakwera Lachisanu lililonse kukaimbira mwana wawo wa ku Lusaka. Mawa.

Lachisanu
Nyumba ya apongozi ili apo, mapazi makumi atatu. Koma ine ndine mkamwini. Zaka zitatu pamudzi pano, sitinayang'anane kumaso ngakhale kamodzi. Wondinenera mawu kwa iwo, amake Dalitso, ali ku Mlolo.
Zomwe ndayesa:
- kutsokomola kuseri kwa nkhokwe. Apongozi alowa m'nyumba mwaulemu
- kuuza mbuzi mokweza kuti meseji ya kanema isadinidwe. Mbuzi zamva
- kudikira panjira ya kuchitsime. Andiona, apatukira m'mapesi
Ndathamangira ankhoswe ku Zingalume. Ndawapeza kudimba. Ayamba ndi moni wa mudzi wonse, kenako za thonje, kenako akuti asambe kaye chifukwa kwa asewere sapita ndi matope. Tikufika dzuwa litapendeka, apongozi ali pachulu ndi amayi anayi a mphakati, mitu yonse isanu pafoni.
Ndikanangofuula mmawa uja. Akanandinena sabata imodzi, n'kuiwala.

Loweruka
Ankhoswe abwera ndi mawu a apongozi: "Akamwini anga sananditumizirepo kanthu chibwerere pamudzi pano. Ndimati mwana wayenda." Akuti anadina inde paliponse kuopa kundinyoza.
Foni yawo yatentha n'kutseka. Ankhoswe apita nayo pa boma. Yankho ndi lomwe lija.
Amake Dalitso abwera. Ndawauza zonse asanatsitse mwana kumsana. Sanakalipe, bola akanakalipa. Angondifunsa ngati ndikukumbukira kachipewa kamene mwana anatuluka nako kuchipatala. Ndati koyera. Akuti kanali kachikasu.

Lamulungu
Kutchalitchi anthu atatu andifunsa za kanema uja. Ndaimirira nthawi ya zolengeza, ndauza onse asadine. Awiri ayang'ana pansi.
Mafoni onse awiri akadali pa boma, magetsi anazima. Titenga mawa, opanda kanthu. Kangolo: thabwa lochekedwa pakati, mawilo palibe, chitseko cha khola chikulendewera.
Masana Dalitso wagwira mtondo, waimirira, wausiya. Mapazi anayi, kuchoka kwa amake kulunjika kwa agogo ake! Apongozi akululutira. Ine ndili kuseri kwa nkhokwe, ndikuonera pampata. Wojambula palibe.
Ndilembe pano, pakhale poonera: kabudula wobiriwira, watsogoza phazi lamanzere, mawondo fumbi lokhalokha, kukamwa kuli yasa.
Misomali ndibwezera pachitseko cha khola.